Liwu Lachitatu la Madzi

Chiperoni chagona pa Chitakale tsiku lachitatu lino,
phiri labisala, malaya pachingwe sakuuma,
ndipo uthenga walowa pafoni kuchokera ku Krasnodar:
mayi Zinaida anatisiya Lolemba,
aikidwa m'nthaka youma gwa ndi chisanu.

Ndatsegula bokosi lachitsulo lija.
Mabuku akununkha nkhungu.
Lina chiswe chinandiwerengera mpaka pakati,
penipeni pomwe anthu ake amasiya kudya
n'kuyamba kukangana ngati Mulungu amaona misozi ya mwana.

Ndinapita ndi jekete la pakaunjika la ku Limbuli
kukaphunzira za nthaka ndi mbewu,
koma chaka chonse choyamba chinathera palilime.
Zilembo zawo n'zachiphamaso:
ukaona P unene R, ukaona H unene N,
china chatambalala ngati nkhanu ya mu Likhubula.
Mayiwo ankagogoda tebulo ndi mphete:
Bwerezanso, Namakhwa.
Bwerezanso.

Anati kwawoko dziko ndi mtendere ndi liwu limodzi, mir.
Ndinaseka, poti ndinakulira kufupi ndi Muloza
ndikuona othawa nkhondo akuoloka atasenza mphasa ndi ana.
Iwo sanaseke.
Anangoloza chithunzi cha bambo awo pakhoma,
mnyamata wa makutu aakulu amene sanabwereko.

Tsiku lina anati, ife sitinena kuti chinthu ndachigwira,
timangoti chili pa ine.
Ndinati nafenso timati ndili nacho,
ngati kuti munthu ndi khasu lake akuperekezana panjira.
Anavula magalasi, nandiyang'ana nthawi yaitali,
nalemba m'kope lawo.
Ulendo umenewo mphunzitsi ndinali ine.

Tiyi wawo analibe mkaka,
ankamwa ndi jamu pasupuni.
Ndinawauza za amayi anga, dengu kumsana,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
mpaka zala kung'aluka,
ndi kapitawo pasikelo akudula makilo a mame.
Anatula kapu pansi pang'onopang'ono.

Kenaka funso lija.
Voda. M'chinenero cha amayi ako mumati chiyani?
Ndinayankha msanga: madzi.
Analemba, nakondwa.

Ndinanama, mayi Zinaida.
Amayi ankanong'onezana Chilomwe ndi achemwali awo kuseri kwa nkhokwe,
ife tikayandikira ankasintha lilime ngati kubisa ndiwo.
Abambo anati chimenecho chingotitukwanitsa kusukulu.
Ndiye ndinabwerako ndi digiri,
ndikutha kulota m'Chirasha, kutukwana m'Chirasha,
kusintha mchira wa dzina kasanu ndi kamodzi osapunthwa,
koma pamaliro a amayi, pamene azakhali anabuma,
sindinamve liwu ndi limodzi lomwe.

Mabuku anu ndi kalongonda.
Safuna wachangu: kuphika, kutaya madzi, kuphikanso,
ukafulumira amakuzunguza mutu.
Onse amafunsa chimodzi,
kuti ndife a kuzambwe kapena a kuvuma, ndife yani,
ndipo ine ndinkayesa akunena za inu nokha.

Dzulo ndinakwera kabaza kupita kwa azakhali a Muhaniwa,
otsala okha, maso achita ng'ala.
Ndinawapatsa chikho, ndinafunsa ngati mwana.
Anaseka mpaka kutsokomola:
mwaoloka nyanja zingati, bambo, kudzafunsa zimenezi?
Kenaka anati, maahi.
Ndinati mahi.
Anagogoda chikho ndi chikhadabo.
Talikitsa pakatipo, ukuthamangira kuti?
Bwerezanso.

Ndalemba mawu atatuwo mkati mwa chikuto
cha buku lomwe chiswe chinasiya,
loyamba m'zilembo zanu.
Lachitatu sindikudziwa ngati ndalemba bwino.
Kunja kukadawaza,
othyola tiyi akutsika m'mizere atafunda mapepala apulasitiki,
ndipo kope lanu lija, kaya lili ndi yani tsopano,
likadali ndi yankho langa lolakwa.