Chibowo cha pa Khoma la Kum'mawa

Pulani inabwera yopinda kanayi,
yonyowa thukuta la m'thumba la a Kapalamula.
Ndinaiyala pa wilibala, theka la njerwa pamwamba,
chala changa n'kutsata mizere yonse
mpaka chinagwera m'dzenje:
khoma la kum'mawa, malo opanda kanthu,
aakulu ngati chipata cha khola la ng'ombe.
Ndinati, windo? Anati ayi.
Chitseko? Anaseka.
Anati, siyani choncho, mwini wake akubwera.

Zaka makumi atatu ndamanga mu Salima muno,
magolosale a pa Kaphatenga, nyumba za lendi kuseri kwa njanji,
sindinasiyepo khoma lili yasa
ngati kamwa la mwana woguluka mano.
Nyumba ndi maziko, khoma, denga.
Zinazo ndi matama.

Mwini wake anabwera pa kabaza.
Asiyatu, magalasi owotcherera ali pachipumi,
kumbuyo kwake njinga zina zinayi
zitasenza mitembo ya njinga zinzake:
malimu opindika, masipoko, matcheni adzimbiri,
mabelu amene anaiwala kalekale kulira.
Gelesomu, wondiponyera matope, ananong'ona:
bwana, laibulale ija yasanduka dzala.

Sabata zitatu tinakangana,
ine ndi levulo yanga, kadontho kali phee pakati,
iye ndi moto wake wolavula mbaliwali.
Ndinati, chitsulo chakocho chithyola lintala.
Anati, ndiye ndiumbireni yolimba.
Ndinati, mvula ya Januwale idzalowa ngati kwawo.
Iye ndi a Kapalamula ananjuta pansi
n'kumalemba pa dothi ndi msomali.
Denga linatalika mikono iwiri chifukwa cha iye,
iye anachotsa malimu asanu ndi awiri chifukwa cha denga.
Kuyambira pamenepo sindinadziwenso
amene akulamula ndi amene akumvera.

Tsiku lokweza tinalipo khumi ndi mmodzi,
chingwe cha sisala, ndi kutukwana pang'ono.
Chinakhala m'malo mwake ngati phazi m'nsapato yakale.
Sindinanene kanthu.
Ndinatsuka mpeni wanga womangira n'kumapita.

M'mawa mwake ndinalawirira fosholo yomwe ndinaiwala.
Dzuwa la kuno, lija limakutsata ngati uli nalo ngongole,
linafika pa khoma lija n'kusweka.
Pa simenti yomwe ndinasalaza ndekha ndi mawondo awa
panali mawilo a mthunzi, ambirimbiri,
akupalasa pang'onopang'ono popanda wowakwera,
kulowera ku mashelefu opanda buku ndi limodzi lomwe.
Mphepo inadutsa pakati pa masipoko,
belu limodzi linati ngee,
kamodzi kokha, ngati munthu wotsokomola m'tchalitchi.
Chipinda chinali chozizira ngati mkati mwa mtsuko.
Ndinakhala pa ndowa yovundikira.
Fosholo ndinaiiwalanso.

Lero anyamata a kabaza amaima panja
kufunafuna zawo ndi maso.
Uyo amati, limu ilo ndi langa,
ndinagwa nalo pa mlatho wa Linthipe ndi matumba a mpunga.
Mnzake amati, bodza, langa,
taona pomwe ndinamanga ndi waya.
Ena amalowa kuti aone bwino mkati
n'kutuluka mochedwa, buku lili m'khwapa.

Dzimbiri layamba kutsika pa pulasitala wanga,
mizere iwiri yofiira, yokhota.
Ndinamuuza. Anati, isiyeni, ikulemba.
Ine mpaka pano zimandiwawa.

Koma ana akandifunsa kuti agogo, munamanga chiyani apa,
sindiloza khoma, sindiloza denga.
Ndimati, mwachiona chitsulo cha Asiyatu?
Ine ndinamanga pomwe chakhalapo.
Si ntchito yamasewera
kuimika malo opanda kanthu,
owongoka mbali zonse zinayi,
n'kuwasiya akudikira chinthu chomwe sunachionepo.