Kugona Panja Mwakufuna

Tenti ndinaigula ku Southgate, yotsitsidwa mtengo
chifukwa katoni yake inang'ambika pakona.
Wogulitsa anandiwonjezera kachitsulo kothethetsera moto,
akuti ngakhale mwana angathe.
Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.
Ndinakulira ku Ndirande, kumene moto umabwera m'jumbo ya makala
ndipo machesi amakhala pawindo.

A Kambalame, amene amatchetcha kapinga m'nyumba za ku Mondeor,
anayang'ana chikwama changa n'kufunsa ngati ndikusamuka.
Iwo anali ndi mpeni, chingwe, bulangete
ndi chigubu cha madzi. Basi.

Loweruka la mwezi wa Juni tinatsika takisi ku Kibler Park,
n'kuyenda mpaka pa famu ya bwana wina amene anatilola.
Chitunda chinkaoneka chapafupi.
Nsapato zatsopano zinanditulutsa matuza ndisanafike pakati.

Ndinasankha malo okongola, pansi pa kachigwa.
Anakana.
Chisanu chili ngati madzi, anatero, chimatsikira m'munsi.
Ndinasankha pamwamba. Anandionetsa udzu mmene unagonera,
mbali imodzi yokhayokha, ngati tsitsi lopesa.
Tinakhala pakati, kuseri kwa thanthwe.

Zikhomo za tenti zinapindika zitatu.
Dothi la kuno ndi louma mtima.
Mfundo yanga inamasuka yokha ndikuiyang'ana,
yawo anaimanga akulankhula za mitengo ya mafuta.
Bwerezanso. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri.

Tisanakhudze moto anandipatsa ntchito yolambula,
kuzula udzu mikono itatu mbali zonse, kuzunguliza miyala.
Udzu wa Juni sufunsa kuti walakwa ndani.
Kenako ndinagwada ndi kachitsulo kanga.
Khwe! Khwe! Mbaliwali zimagwa n'kufa.
Dzanja linatupa, mphuno ikuchucha,
dzuwa likulowa kuseri kwa milu yachikasu ya ku migodi.
Machesi anali m'thumba mwawo, ndinawamva akuchita phokoso.
Sanatulutse.
Anangotikita udzu m'manja mpaka unafewa ngati thonje,
n'kuuika patsogolo panga.
Utsi woyamba unali wochepa ngati ulusi.
Uzira ngati ukuuza munthu chinsinsi, anatero.

Unayaka.
Ndinaseka mokweza mpaka nkhanga zinadandaula m'tchire.

Usiku mzinda wonse unayala makala ake kumpoto,
nsanja ya Hillbrow itaima ngati msomali.
Ndege zinkatsika motsatizana.
Nkhandwe inalira, kapena anali galu, sindinafunse.
A Kambalame anali atayamba kale mkonono.

Ine tulo ayi.
Mwala unandipeza pa nthiti, kuzizira kunalowera pansi,
ndipo msana wanga unakumbuka zimene mutu unaiwala dala:
masiku khumi ndi limodzi pa Park Station,
chaka chimene ndinafika, nambala ya msuweni isakugwira,
chikwama ndikutsamira, lamba wake nditakulunga padzanja.
Kumeneko ndinaphunzira kuti bulangete la pamwamba ndi bodza,
chofunika ndi chimene wayala pansi.

Ndinadzuka, ndinatenga katoni yong'ambika ija,
ndinaiphwasula n'kuiyala kunsi kwa thumba logonamo.
Ndinavala masokosi m'manja.
Palibe mlonda anabwera kudzandigwedeza ndi nsapato.

M'mawa chisanu chinali chitayeretsa chigwa chija mbuu.
Madzi m'chigubu anauma pakamwa.
Pafupi ndi tenti panali munga wa nungu, wakuda ndi woyera,
mlendo amene anadutsa osatidzutsa.

A Kambalame anaona katoni ikusuzumira pakhomo.
Ameneyu wakuphunzitsa ndani?
Ndinati Joni.
Anagwedeza mutu, sanafunsenso.

Tinathira madzi paphulusa, tinavundula, tinathiranso,
mpaka ndinaikapo dzanja osamva kanthu.
Miyala tinaibweza mmene tinaipeza.

Lolemba munga uja unali m'thumba la yunifomu yanga.
Zala zinkanunkhabe utsi pamene ndinkatsegula geti.