Madzi Otsukira

Bambo anga, a Wistin, alumbira pali Mariya
kuti chigulireni injiniyi sinagonepo yosatsuka.
Zaka khumi ndi chimodzi. Akangotsika m'boti,
payipi pakamwa pake, madzi a pachitsime,
mphindi khumi diso lili pa wotchi,
kenako ndiye nsomba, ndiye amayi, ndiye ife.

Koma lero kabowo kake kokodzera kakungodontha,
tho, tho, ngati mphuno ya mwana wa chimfine,
mutu wake watentha, ungakazingirepo dzira.
Nyengo ya lampuki yayandikira.
Maboti onse a ku Marsaxlokk apakidwa kale utoto m'maso,
akutipenya ife tili pamtunda ndi sipanala.

Iwo akhala pa kireti.
Dokotala anawaletsa kunyamula chilichonse
cholemera kuposa kapu ya khofi,
choncho akunyamula mawu:
"Ċensa, bawuti imeneyo usaikakamize.
Inyengerere. Ikathyokera m'kati tilira tonse."

Ndainyengerera. Yalira kwii, yamasuka.
M'tinjira ta madzi muli mbuu,
zoyera zaundana gwa ngati za pansi pa ketulo.
Pomwe panalowa chala changa chaching'ono
patsala pongokwana singano.
Kachitsulo kolondera kutentha kaumira kukamwa kuli yasa,
kampira kopopa madzi kathothoka mapiko awiri.

"Mchere," atero. "Nyanja siiwala ngongole."
Ndapala pang'ono ndi chikhadabo, ndalawa.
Mchere ulimo, sindikana, koma wochepa.
Zambirizi zikungochita mchenga m'mano, zili zii.
Ndadonthezapo viniga: thovu, fwaa.
Mchere suchita thovu, bambo.
Uyu ndi laimu,
mwala womwewu wachikasu unamanga tchalitchi,
unamanga nyumba yathu, ndi chilumba chomwe.
Wakhala ukusungunukira m'chitsime chathu
n'kumalowa muno madzulo aliwonse
kudzera m'payipi yanu ija.

Sanayankhe.
Avula chipewa, ayang'anamo, avalanso.

Ndadzaza mgolo wabuluu, viniga zigubu zinayi,
ndamiza mwendo wa injini mpaka m'bondo,
kampira katsopano, mabawuti m'malo mwake.
Ndailiza kuti ifunde, ndaizimitsa kuti inyowe.
Ndalizanso. Ndazimitsanso.
Bwalo lonse likununkha ngati khitchini ya achakhali a Rożarja
tsiku lofutsa anyezi m'mabotolo.
Madzi asanduka mkaka, kenako phala,
tizibanthu tikutuluka ngati makoko a dzira.
Ntchito imeneyi ilibe mphamvu, ili ndi kudikira,
ndipo kudikira kwathu sitinaphunzire kukuchita awiri.

Dzuwa litapendeka ndi pamene alankhula,
osati kwa ine, kwa mgolo:
"Ndiye kuti ndinkaipha ndekha, ndi manja osamba."

Ayi, bambo. Mukanapanda kutsuka
ikanafa chaka chachitatu, monga ya a Kelinu.
Kungoti madzi otsukira nawo amasiya zawo.
Ndanena zimenezo ndikusolola chingwe cha mbedza,
ndachilowetsa m'kabowo kaja, ndatokosa,
china chake chagonja m'katimo,
ndipo psuu!
madzi athamanga molunjika ngati ndodo,
awanyowetsa thalauza kuyambira m'chiuno.

Aseka mpaka kutsokomola,
mpaka ndachita mantha ndi mtima wawo uja.
"Ikukodza ngati mnyamata," atero,
"kundiposa ine."

Ndataya zoyerazo, ndatsukuluza ndi madzi a mvula
a m'thanki ya padenga, amene sanakhudzepo mwala.
Tagwirizana: kuyambira mawa ndi amenewo,
ndipo viniga kamodzi nyengo ikatha.

Usiku ndasuzumira pawindo.
Aima pabwalo, payipi ili m'manja,
madzi a pachitsime akutuluka monga mwa nthawi zonse,
iwo akuyang'ana injini, akuyang'ana wotchi.
Kenako atembenuka pang'onopang'ono
n'kuyamba kuthirira mtengo wa mandimu
umene amayi anabzala,
mphindi khumi zathunthu.