Phiri Lake Lili Kuti?

Ine ntchito yanga ndi ngodya zinayi.
Ndimacheka paini wa ku Chongoni, kupala, kukhoma,
sikweya ikavomera ndiye kuti zatha.
Tsono atabwera Dziwenji, nsalu zake atakulunga m'khwapa,
nati, “Amisiri, mundimangire mpanda kuzungulira phiri ili,”
ndinayala pa benchi, ndinapukuta utuchi m'zikope,
ndinatembenuza kumutu kukhala kumiyendo,
kenako ndinafunsa, mwaulemu ndithu:
phiri lake lili kuti?

Panali kufiira kwa katondo, kokhuthala ngati chiwindi,
mzere umodzi wakuda wothyoka pakati,
ndi kuyera kotuwa kotsetsereka
ngati wina watayirapo madzi otsukira mpunga.
Mtengo ayi. Mbuzi ayi. Ngakhale nsanja ya foni ija
imene mwana wa pulayimale amayambira akamajambula Dedza.

Anaseka, dzino lili ndi kadontho kobiriwira
poti amaluma burashi akamaganiza.
“Phiri mumadzuka nalo, lina mukulifuniranji?
Ine ndajambula mmene limalemerera
ukalifulatira.”

Sindinamve. Ndinatenga tepi.
Ndinatchula mtengo, ananenerera, tinapangana Lachisanu.

Amayenda ndi timabotolo totha mankhwala a chifuwa,
kutapa dothi pamene thalakitala inadula chitunda,
phulusa la pa lupsa, mwaye wa m'khitchini mwa eni ake.
Amasinja, amasefa ndi sefa ya ufa,
amakanda ndi guluu wanga amene amabwereka osabweza.
Mayi akunyumba anati: sukulu yonse ija
kukathera kusewera ndi matope!
Ine ndinangoti, bola amalipira.

Lachitatu usiku foni inalira.
Achimwene anga Lefani, ku Bembeke,
amene anandigwiritsa sowo koyamba ndili ndi kabudula wobooka.
Matabwa amene ndinapatulira Dziwenji
ndinawalumikiza mwina, kandulo ali pa vayisi.
Tepi sindinaifune. Msinkhu wao ndimaudziwa.

Mbandakucha, Juni, zala zosamva mabuleki,
bokosi ndalimanga ndi malamba pa kaliyala,
ndikukankha njinga pa chikweza.
Amayi a kachewere anapatuka ndi madengu ao, osalankhula.
Lamba wina anamasuka. Ndinaima.
Pomanga, ndinacheuka kumene ndachokera.

Boma kulibe. Nsanja kulibe. Phiri kulibe.
Nkhungu inali itameza zonse zokhala ndi dzina.
Kunatsala khoma lofiira la m'mbali mwa msewu, lonyowa,
waya wa magetsi wolowa m'kuyera osatulukira kwina,
ndi kuyerako, kutsika, kutsika,
ndi chinthu chachikulu kuseri kwake
chimene sindinkachiona koma chikundikanikiza pa nthiti
ngati thumba la simenti.

Ndinaima pamenepo mpaka tambala wa eni ake analira kawiri.

Lachisanu linadutsa. Anabwera Lolemba, sanafunse kanthu,
anaika shuga ndi kandalama pa benchi, nakhala pa chitsa.
Ndinagula matabwa ena.
Ndinapala pang'onopang'ono kuposa masiku onse,
nsalu ija itatsamira khoma, ikundiyang'ana.

Sindinamuuze za pa chikweza.
Munthu wamkulu ungayambe bwanji?
Ndinangofunsa kuti dothi lofiirali analitapa pati.
Anati, “Kupitirira mlatho, msewu wa ku Bembeke,
pamene anthu a njinga amatsikira.”

Ngodya zitatu zinavomera sikweya.
Yachinayi inatsala kampata kolowa chikhadabo.
Ndikanatha kutseka ndi utuchi ndi guluu,
ndi zimene timachita, palibe amadziwa.
Ndinasiya.

Akuti chinapita ku Lilongwe, chili m'chipinda chodikiriramo anthu,
ndipo ena amapendeketsa mutu kufunafuna phiri.
Mayi akunyumba akuti ndayamba kuchedwa pobwera ku msika.
N'zoona. Dzana ndinaima pa khoma la chigayo
pamene mvula inatsukuluza laimu,
mpaka mnyamata wa pa sikelo anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Guluu uja sanabwezebe.