Khumi ndi Ziwiri

Kalata ya ku koleji ikuti khumi ndi ziwiri basi.
Ndayala zonse makumi atatu pamkeka,
ndazipsinja ndi miyala kuopa mwera.

Ichi cha a Twaibu akabaza
akukwera mlatho wa Shire, malaya atamatirira kumsana,
ndinachijambula ndi khala la m'mbaula
kuseri kwa katoni ya sopo.
Aphunzitsi akuti chichoke,
pepala lotere likandichititsa manyazi.

Ndachichotsa. Ndachibwezanso.

Cha amayi akusankha mpunga sichinathe.
Dzanja lawo lamanzere linandikana katatu,
iwo anatopa kukhala phee,
anadzuka kukaswali.
Chipita chomwecho, chopanda dzanja.

Mawa envelopu ikwera minibasi ya ku Zomba.
Chala changa chathukuta
chadinda kale pansi pa mlatho.
Sindifufuta.