Swichi Ili Kumanzere

Lole inatitula pa Mpondasi dzuwa lili paliwombo,
ine, Zione, ndi makatoni khumi ndi anayi.
Dalaivala sanazimitse n'komwe injini,
ati matumba a usipa akumudikira ku Makawa.
Fumbi lake litakhazikika
tinangoti njo pakhomo ngati anthu odzapala moto.

Mlamu wanga anandilangiza tikupakira ku Dedza:
"Usakatsegule zonse. Ukayambe ndi zimene usiku ukafunse."
Ndiye ndinatchera khutu kuti usiku wa kuno umafunsa chiyani.
Udzudzu unayankha dzuwa likanali pamwamba.

Neti poyamba.
Misomali inayi ndinaipeza ili kale m'khoma,
yokhomedwa ndi munthu amene sindidzamudziwa,
ndipo zingwe zanga zinafika ndendende.
Zikomo inu amene munagona muno ine ndisanabwere.
Bedi ndaliika pomwe munaika lanu.

Kenako babu, machesi, ndowa, sopo,
yunifomu ya Zione ya Lolemba,
mbaula pakona pomwe mphepo siifika.
Katoni ikatha, kuiphwasula, kuipinda,
kuiponya kuseri kwa chitseko isanadzaze makoswe.
Atatu. Asanu. Asanu ndi atatu.

Yotsatira inandiseketsa ndekha:
mabulangete asanu ndi limodzi, majuzi, chipewa chaubweya,
chuma chonse cha Juni wa ku Dedza,
pomwe thukuta likuyenda kumsana ngati nyerere.
Ndinaimanganso ndi chingwe chake chomwecho.
Pano ndi mpando wa alendo.

Masupuni sanaoneke.
Tiyi tinatakasa ndi bolopeni yanga yochongera mayeso.

Abiti Saizi a nyumba yoyandikana anafika ndowa ili pamutu,
nandilonjera m'Chiyao.
Ine ndinati zikomo pamalo posafunika zikomo,
iwo kuseka mpaka madzi kukhavukira pakhonde.
"Mpope wa pano umatulutsa mbandakucha basi, aphunzitsi.
Mukagonereza mwagula ludzu."
Anandilozera kogula makala, poima akabaza,
ndi dzina la mnyamata wosakweza mtengo mvula ikagwa: Twaibu.
Izi sizinali m'katoni iliyonse.

Pa felemu ya chitseko pali timizere ta pensulo,
msinkhu wa mwana wa anthu amene anachoka, chaka ndi chaka.
Zione anavula nsapato, nakhomeza msana pamenepo.
Wapitirira kamzere komaliza ndi zala ziwiri.
"Amayi, lembani kanga."
Ndinalemba ndi bolopeni ija, ikununkhabe tiyi.

Inatsala imodzi.
Pamwamba pake sipanalembedwe kanthu, koma kulemera kwake ndimakudziwa:
nsapato zakuda, magalasi othyoka mwendo,
buku la nyimbo lothothoka chikuto,
malaya amene bambo ake a Zione anavala pa Khirisimasi yomaliza.
Malangizo a mlamu sanafike pa katoni yotere.
Usiku sunaifunse, ine sindinaitsegule.
Ndinaikankhira kumutu kwa bedi,
n'kuikapo wailesi, tochi ndi kapu ya madzi.
Nawonso azolowere kutenthaku pang'onopang'ono.

Mbandakucha mawu a kumzikiti anandidzutsa.
Dzanja linapapasa khoma la kumanja,
kufunafuna swichi ya nyumba ija tinaisiya.
Laimu yekhayekha.
M'mawa mwake chimodzimodzi,
kuwonjezapo chala chophumira pa mwendo wa tebulo.

Masupuni tawapeza dzulo, ali m'nsapato za jombo.
Palibe akuvomera kuti anawaika ndi iye.

Lero ndi tsiku lachinayi.
Dzanja lapita lokha kumanzere ndisanaliuze,
babu n'kuyaka,
kuonetsa neti, mpando wa mabulangete, timizere tiwiri toyandikana.
Panja njinga yoyamba yadutsa ikuliza belu,
ndipo mpope wayamba kutsokomola.

Zione, dzuka.
Tenga ndowa zonse ziwiri,
ina ndi ya Abiti Saizi.