Mtembo Umaona Nsapato

Anandilemba ntchito ya kufa.
Makwacha mazana awiri pa tsiku, anatero Mayi Shawa,
gona apa, Yotamu, pakati pa matumba a nshawa,
usapume kwambiri, kamera imaona mimba.
Ndinatsamiritsa njinga yanga pakhoma la sitolo
n'kufa koyamba naini koloko m'mawa.

Nkhaniyi, akuti, ndi ya m'buku lakalekale,
la dziko limene nkhungu imameza nyali za mumsewu
ndipo wofufuza milandu amayenda pa ngolo ya akavalo.
Nanga kuno ku Chipata nkhungu tiitenga kuti mu Okutobala?
Anyamata atatu anabisala kuseri kwa chitseko
kukupiza fumbi ndi makatoni.
Ine wakufa ndinayetsemula.
Dulani! Ifanso!

Ndinafa kasanu ndi kawiri Lolemba lokha.

Wofufuza wathu ndi Gelesomu Miti,
mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito.
Anamuveka jasi la salaula lofika m'maondo,
thukuta likutsika ngati madzi a m'phiri la Kanjala mu Januwale.
Wa m'buku uja ankazindikira munthu ndi phulusa la fodya,
wathuyu amawerenga mauthenga a ndalama pa foni yong'aluka galasi,
amadziwa kuti chigawenga chinadutsa ku Kapata
poti risiti yake ikununkha kapenta.
Ngolo ija yasanduka njinga yanga,
imene ikulipidwa padera,
kuposa mwini wake.

Lachitatu magetsi anathima ndili pakati pa imfa.
Tinadikira jenereta mpaka dzuwa linapendeka.
Magazi anga, tomato sosi wothira shuga,
anaitana nyerere, nyerere zinaitana abale awo.
Ndinapirira. Wakufa sadzikanda.

Koma chilipo chimene sanachilembe m'mapepala awo:
wogona pansi amaona nsapato.

Lachisanu envulopu ya malipiro athu inasowa.
Mayi Shawa anagwira m'mutu.
Tonse, ndi ine yemwe ndi diso limodzi,
tinayang'ana kwa Gelesomu, jasi lili pathupi.
Anapisa m'matumba, anapeza mawu oloweza a mawa okha.
Tsamba limenelo sanandipatse, anatero.
Maso a anthu anayamba kuyendayenda
kufuna wosauka woti amugwere,
n'kukaima pa Dailesi, mtsikana wonyamula mtengo wa maikolofoni,
manja ake akadali m'mwamba ngati wavomera kale.

Ine pansi paja ndinali nditawerenga kale.
Masiku anayi Bambo Daka, osunga thumba,
ankandidumpha ndi nsapato zopolisha, zonyezimira.
Lero zinali ndi madontho a simenti osauma,
ndipo dzulo anzanga a njinga anachezera kututa matumba khumi
kupita ku puloti ina ku Mchini,
mwini wake wolipira ndi ndalama zatsopano, zosapinda.

Ndinadzuka, nyerere zikuyoyoka pachifuwa.
Bambo Daka, nyumba ija yafika pa windo?

Kunangoti zii.
Tambala wa kwa aneba yekha ndiye anayankha.
Kamera inali isanazimitsidwe,
koma gawo limenelo simudzaliona,
akuti silikugwirizana ndi nkhani.

Ndalama zinabwera ndithu, zoduladula, pakutha pa mwezi.
Sewero linaoneka Lamlungu madzulo.
Mlongo wanga ku Katete analira, anaimba foni
kufunsa ngati maliro ndi a kuno kapena kwathu.
Dzina langa linathamanga kumapeto,
laling'ono ngati nsabwe: Mtembo, Yotamu Ngoma.
Gelesomu tsopano sagula tomato mumsika,
amayi amamupatsa ulere, amamunong'oneza za mbuzi zosowa
ndi za amuna ochedwa kubwera kunyumba.

Ine ndabwerera pa siteji yanga pafupi ndi msikiti.
Wokwera asanatchule kopita
ndimayamba ndayang'ana kumapazi.
Ena amaseka. Ena amapinda miyendo,
n'kufunsa ngati palibe njinga ina.